Mukandifunsa chowerenga, ndiyamba ndi bokosi la malume

Masabata awiri apitawa mnyamata wina wa ku Makwasa ananditumizira uthenga pa foni. Akuti analemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, ndipo pakali pano akugwira ganyu yopalira m'munda wa tiyi podikira kuti mwina kunja kuno kucha. Funso lake linali lalifupi: "Achimwene, inu mumalemba m'nyuzi, kodi mumawerenga chiyani? Ndiuzeniko mabuku ndi malo a pa intaneti oti nanenso ndiziwerenga, mutu wayamba kuchita dzimbiri."

Ndinamuuza kuti adikire, ndimuyankhira pa tsamba lino, chifukwa ndikudziwa kuti sali yekha. Kuyambira ku Bvumbwe kukafika ku Thekerani aliko anyamata ndi asungwana ambiri amene sukulu inawasiya panjira koma njala ya m'mutu sinawasiye.

Ndisanapite patali ndiulule kaye. Ine sindine mphunzitsi ndipo digiri ndilibe. Ku yunivesite ndinakhalako zaka ziwiri zokha, bambo atamwalira fizi inavuta, ndinanyamula chikwama kubwerera kuno ku Thyolo anzanga akupitiriza. Choncho zimene ndinene pano musazitenge ngati silabasi ya boma. Ndikungoloza njira imene ndinadzera ine, minga yake ndi mithunzi yake.

Pali nyimbo ina imene mabwana a m'tauni amakonda kuyimba pa misonkhano ya m'mahotela, yakuti Amalawi sakonda kuwerenga. Ine ndikaimva ndimaseka. Kodi anthu amenewa anafikako m'malaini a pa esiteti? Kwathu kumene ndinakulira, nyuzi yokulungira mandasi sinkatayidwa isanawerengedwe mbali zonse ziwiri, mafuta ali nyezinyezi. Makoma a nyumba zambiri ankamatidwa ndi nyuzi zakale, ndipo ine nkhani ya chisankho cha 1994 ndinaiwerenga koyamba ndili chigonere pa mphasa, mutu nditapendeketsa, chifukwa amayi anamata tsambalo chozondoka. Bambo wina woyandikana nafe ankawerenga Boma Lathu ya miyezi itatu yapita ngati yatuluka m'mawa womwewo. Anthu amenewa sankadana ndi kuwerenga ayi. Chowerengacho ndicho kunalibe.

Mwayi wanga unali wakuti ndinali ndi malume. Iwo anagwira ntchito ya ukalaliki wa sikelo pa esiteti ina zaka zoposa makumi awiri, kulemba makilogalamu a tiyi amene aliyense wathyola, m'mawa ndi masana, mvula kaya chiperoni. Malipiro awo sanali oti n'kunyadira, koma mwezi ukatha akapita ku Limbe ankabwerako ndi buku limodzi, nthawi zambiri logula pansi pa khonde la sitolo. Mabukuwo ankawasunga m'bokosi lachitsulo lobiriwira pansi pa bedi, kiyi wake ali m'khosi.

Lamulo la bokosi limeneli linali limodzi. Ukabwereka buku, pobweza unkakhala pa mpando n'kufotokoza zimene wawerenga. "Mphwanga, lakuuza chiyani bukuli?" Ukayamba kuchita chibwibwi ankakubwezera buku lomwelo, wina osakupatsa. Ndinayesapo kuwanamiza kamodzi, nditangowerenga chiyambi ndi mathero. Anandimvetsera mpaka kumapeto osanena kanthu, kenaka anandifunsa dzina la mkazi wa munthu wa m'nkhaniyo. Ndinabwerera nalo bukulo.

Tsono mnyamata wa ku Makwasa iwe, yamba ndi mabuku a chinenero chako. Ndikudziwa kuti ambiri a inu mukangomaliza mayeso a Chichewa mumalumbira kuti simudzagwiranso buku la Chichewa, ngati kuti linali chilango. Kumeneko n'kudzimana. Funafuna Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi nkhani ya munthu mmodzi kuchokera pa kubadwa mpaka pa maliro ake: mwana wovuta, wakuba, wopita kutali kukafuna ntchito, amene pambuyo pake akukhala mfumu. Chakumapeto bukuli limalalikira kwambiri, fungo la mishoni limamveka, koma Chichewa chake n'chonona, ndipo munthu wochoka kwawo kukagwira ntchito kwa azungu ife a m'tiyi sitifunika kuchita kutifotokozera.

Ukatha pamenepo tenga Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Ndinaliwerenga ndili Sitandade 6 ndipo kwa sabata yathunthu mbalame iliyonse yolira pa mtengo ndinkaiyang'ana kawiri. Gwengwe yemweyo analembanso Kukula ndi Mwambo, limene ndimati aliyense wofuna kulemba Chichewa ayenera kuliwerenga mokweza kuti amve m'mene chiganizo chimayendera. Palinso mabuku a E.J. Chadza monga Ntchito za Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu, a Willie Zingani monga Njala Bwana, ndi Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba. Miyambi uipeza mu Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, ndipo ukafuna yochuluka, bambo J.C. Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2,000 m'buku limodzi lotchedwa Wisdom of the People. Ambiri mwa mabuku amenewa masiku ano kuwapeza m'sitolo n'kovuta. Funsa aphunzitsi opuma ntchito. Nyumba iliyonse ya mphunzitsi wakale ili ndi katoni imene chiswe chikuichita kaduka.

Za Chingerezi sindichita manyazi kunena kuti changa sindinachiphunzire kwa Shakespeare. Ndinachiphunzira kwa James Hadley Chase ndi m'timabuku ta Pacesetters tija tinkayenda m'manja mpaka chikuto kutha. Aphunzitsi ankati n'zachabechabe, koma ndi timabuku timeneti timene tinandiphunzitsa kukhala pansi maola atatu osadzuka. Munthu amene sanazolowere kumaliza buku lopepuka sangamalize lolemera. Ukapeza mabuku a Aubrey Kalitera, amene ankadzisindikizira yekha ku Blantyre n'kumagulitsa yekha, usawanyoze.

Koma kwa iwe makamaka, amene wakhala pansi pamene anzako akupita ku koleji, pali mabuku awiri. Loyamba ndi I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965. Mnyamata wa kumpoto ameneyu ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna sukulu ku America, m'manja muli Baibulo ndi Pilgrim's Progress, nayenda mpaka kukafika ku Khartoum, ndipo sukuluyo anakaipezadi. Lachiwiri ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, la mu 2009. Filimu yake ambiri munaionera, koma filimu imathamanga pa chinthu chimene ine ndimachiona chachikulu: mnyamatayo atachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2002, chimene chinamupulumutsa ndi kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale, m'mene anapezamo buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chomuvuta, ankangotsatira zithunzi. Ine buku limeneli ndinaliwerenga mwezi umene ndinabwerako ku yunivesite, ndipo ndisaname, linandikwiyitsa lisananditonthoze. Si tonse tidzapange makina a mphepo n'kukwera ndege. Koma linandichotsa pa bedi.

Pansi penipeni pa bokosi la malume, kunsi kwa pepala la khaki limene anayala, panali kabuku kena kamene sankabwereketsa. Ndinakaona ndili wamkulu kale. Inali kalata ija ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, imene boma la nthawi imeneyo linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Malume akuti anaibisa miyezi ingapo m'thumba la feteleza kudenga. Achinyamata a lero amene mukutukwana pulezidenti pa Facebook muli gone, dziwani kuti m'dziko lomwe lino munali bungwe lounika mabuku, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, limene linkasankhira akuluakulu a ndevu zawo choti awerenge. Jack Mapanje anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndakatulo zake za mu Of Chameleons and Gods n'zovuta, sindikunamiza, koma uziyese.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga, pa mbiri ya dera lathu lino.

Agogo anga aakazi ankakonda kusimba za chaka china iwo ali kamtsikana, pamene anthu anagwetsa mitengo m'misewu, asilikali nabwera ndi mfuti, mudzi wonse n'kukagona kutchire. Ife ana tinkamvetsera ngati nthano za kalulu ndi fisi. Chaka sankachidziwa, ankangoti nthawi ya Fedulo. Tsiku lina ndili m'laibulale ya ku yunivesite, m'chaka changa chomaliza chija, ndinatsegula buku lalikulu la John McCracken lotchedwa A History of Malawi 1859-1966, limene linali litangotuluka mu 2012. Ndinapeza nkhani ya agogo ili m'menemo. Munali mu Ogasiti 1953. Zinayambira pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza pa nkhani ya anthu ogwidwa akuba malalanje, koma moto weniweni unali wa malo, wa thangata, ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu ankachikana. Zipolowezo zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera ndipo anthu 11 anaphedwa. Ndinakhala pa mpando uja thukuta lili kamukamu. Agogo anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo, ndipo ine ndinali ndisanawafunsepo funso ngakhale limodzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikusaka chilichonse cholembedwa za Thyolo. Ndinapeza nkhani ya Robin Palmer ya mu 1986, m'magazini ya akatswiri yotchedwa Journal of African History, yofotokoza za moyo wa anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Nyasaland kuyambira 1930 mpaka 1953: malipiro, chakudya, nyumba, ndi njira zimene anthu ankazembera ntchito ikawawa. Ndinapeza Silent Majority la Robert Boeder, la mu 1984, mbiri ya Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, ambiri n'kukhala pa malo a azungu posinthana ndi thukuta lawo. Ndilo thangata limenelo: ukhale pa malo, ulipire ndi ntchito. Linathetsedwa mwalamulo mu 1962. Ndinawerenganso Magomero la Landeg White, la mu 1987. Magomero si ku Thyolo, ndi ku Chiradzulu, koma ukafuna kumvetsa chimene chinapsetsa mtima John Chilembwe mu 1915, ndi m'mene mudzi umakhalira pa malo a mwini, buku lake ndi limenelo. Limawerengeka ngati nthano. Pa mabuku onse a mbiri amene ndatchulawa, ukati usankhe limodzi, yamba ndi limeneli.

Koma taonani chinthu chimene chimandiwawa, abale anga. Mabuku onsewa ali m'Chingerezi, ambiri anasindikizidwa kunja, ndipo mitengo yake ukaisintha m'makwacha munthu wothyola tiyi angangopukusa mutu. Nkhani ya Palmer ili pa malo a pa intaneti otchedwa JSTOR, pamodzi ndi magazini ya Society of Malawi imene inayamba kutuluka mu 1948. Kumeneko munthu ukalembetsa dzina amakulola kuwerenga nkhani zingapo mwaulere, ndipo ndikukulimbikitsa utero. Komabe funso langa ndi ili: mbiri ya agogo athu ikukhala bwanji ku London ndi ku New York pamene zidzukulu zawo ku Masambanjati sizinaimvepo? Akatswiri athu a mbiri alipo, ena ndi ana a konkuno. Kodi palibe mmodzi woti n'kukhala pansi kulemba masamba makumi asanu okha m'Chichewa, ofotokoza m'mene malo a Thyolo anapitira? Nkhani ya malo kuno sinathe. Munaona nokha m'mene anthu anakhamukira kwa Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation cha m'ma 2016. Munthu akhoza kugwirizana naye kapena kumutsutsa, koma mkangano wa anthu osadziwa mbiri yake umathera pa zikwanje.

Malo a pa intaneti amene ndimawalemekeza koposa onse alibe zithunzi, alibe nyimbo, ndipo ukawatsegula koyamba tulo timabwera. Dzina lake ndi MalawiLII. Kumeneko kuli malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti, zaulere. Ndikuuze chifukwa chake ndimawakonda.

Zaka zingapo zapitazo amayi anga aang'ono, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina, anauzidwa ndi kapitawo kuti asabwerenso. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Panalibe kalata, panalibe mlandu, anangoti dzina lawo lachotsedwa m'buku. Anabwera kunyumba akulira nati, "Mwanawe, iwe unapitako ku sukulu, palibe chimene ungachite?" Ine za malamulo sindinaphunzire. Ndinagula bandulo, ndinakwera pa chulu pamene netiweki imagwira, ndinatsitsa lamulo la zantchito la chaka cha 2000, Employment Act, n'kuliwerenga usiku wonse ndi dikishonale ya malume pambali. Ndinapeza kuti gawo 47 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Ndinapeza kuti gawo 57 limaletsa kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso kuti ngati akumuneneza mlandu ayenera kumupatsa mpata woyankhapo. Ndinalemba kalata ya tsamba limodzi yotchula magawo awiriwo, tinapita nayo kwa a bungwe la ogwira ntchito, iwo natiperekeza. Sizinayende msanga, panapita miyezi, ndipo maulendo ena tinkabwerako chimanjamanja. Koma amayi aang'ono analandira ndalama zawo.

Ndisakupusitse kuti ukawerenga lamulo wasanduka loya. Nkhani za anthu olembedwa pa nyengo, amene kontilakiti yawo imatha mvula ikatha, n'zopotana, ndipo pamafunika a yuniyoni kapena a ofesi ya zantchito. Koma munthu wolowa mu ofesi akudziwa nambala ya gawo amalandiridwa mosiyana ndi wolowa akungolira. Ndinaziona ndi maso anga. Lamulo limeneli likanakhala m'Chichewa, lopachikidwa pa shedi iliyonse ya sikelo, makapitawo ena bwenzi akuyankhula mofatsa.

Tichoke ku zolemetsa. Anthu amene amandidziwa amandiseka kuti ndine wamisala wa mbalame, ndipo sindikana. Chiyambi chake ndi ichi. Ndinamva kuti pali mbalame ina imene pa dziko lonse lapansi imadziwika ndi dzina la boma lathu, Thyolo alethe. Akatswiri anailemba koyamba mu 1927, nthawi imene azungu ankalemba dzina la kuno kuti Cholo. Ndi kambalame ka m'nkhalango zowirira za m'mapiri, kokonda kutsatira linthumbu kuti kazidya tizilombo tothawa. Kamapezeka m'mapiri owerengeka okha a kuno ndi a ku Mozambique monga Namuli, Mabu ndi Chiperone, phiri lija linapereka dzina kwa chiperoni wathuyu. Ine wobadwira ku Thyolo ndinali ndisanakamvepo. Ndinafunsa anzanga khumi, palibe anakadziwa.

Pali malo a pa intaneti otchedwa Xeno-canto kumene anthu a m'maiko osiyanasiyana amaikako kulira kwa mbalame kumene anajambula. Ndinapeza kulira kwa kambalameka, ndinapita nayo foni kwa malume n'kuwaseweretsa. Anatseka maso, anati ndibwerezenso, kenaka anati, "Imeneyi tinkaimva m'phiri tikamakatola nkhuni, ine ndili mnyamata." Anakhala chete pang'ono. "Nanga panopa ikalire pati?" Funso lawo linali loona. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo inatha, inasanduka minda ya chimanga ndi nthochi, ndipo timagawo ta nkhalango tachilengedwe timene tatsala tambiri tili m'kati mwa maesiteti, monga ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923. Nkhani yake ndi yowawa mbali zonse: anthu analowa m'phiri chifukwa malo olima alibe, ndipo malo alibe chifukwa cha mbiri ija ndanena pamwambapa. Sindingaloze chala mayi wolima m'phiri. Koma mbalameyo ikupita. Wofuna kudziwa zambiri asake buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, The Birds of Malawi, la mu 2006. Pa foni pali pulogalamu yaulere yotchedwa Merlin yothandiza kuzindikira mbalame ndi zithunzi, ngakhale imadya malo ambiri.

Mbalame zinanditengera kwa munthu wina amene ndimamutenga ngati mnzanga ngakhale sitinaonanepo, Brian Morris. Mngelezi ameneyu anasiya sukulu ali ndi zaka 15, anabwera kuno mu 1958 kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Zoa konkuno ku Thyolo ndi ku Limbuli ku Mulanje, ndipo nthawi yake yopuma ankaithera m'tchire ndi anthu a m'midzi, kufunsa maina a zomera, mbewa ndi bowa. Pambuyo pake anakhala pulofesa ku London. Analemba Common Mushrooms of Malawi mu 1987, Chewa Medical Botany mu 1996, ndipo mu 2016 anatulutsa mbiri ya malo ndi anthu a mapiri a Shire, m'mene muli zambiri za maesiteti. Chimene ndimamukondera n'chakuti amalemba maina athu, utale, manyame, ndipo sabisa kuti aphunzitsi ake anali amayi a m'midzi. Buku lina la mtundu womwewo ndi Useful Plants of Malawi la Jessie Williamson. Koma chonde, pa nkhani ya bowa usadye chinthu chifukwa chafanana ndi chithunzi cha m'buku. Pamenepo buku ligonje, ufunse agogo.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Za ulimi, makope akale a Za Achikumbi ukawapeza kwa alangizi usawasiye, ndipo pa nkhani ya chisaka chimene chinapululutsa nthochi zathu, kufunsa alangizi kapena a kafukufuku a ku Bvumbwe kumaposa vidiyo ya pa YouTube ya munthu wolima ku India. Za umoyo, buku la David Werner lija lotchuka lilipo m'Chichewa, Pamene Palibe Dokotala, ndipo a Hesperian analiika pa intaneti mwaulere. Ngati uli ndi ang'ono ako kunyumba, African Storybook ili ndi timabuku ta ana ta zithunzi, tina m'Chichewa. Wikipedia ya Chichewa iliko koma ndi yowonda ngati galu wa m'chilimwe, ndipo Chichewa chake pena chimakhala ngati chalembedwa ndi munthu amene sanadyepo nsima. M'malo modandaula, inu a Fomu 4 amene muli ndi nthawi, bwanji osalembamo za Luchenza, za Goliati, za mtsinje wa Nsuwadzi? Za mpira sindinena kanthu. Nkhani za Bullets ndi Wanderers zimakupeza zokha ngakhale utabisala m'fakitale.

Nyuzi uziwerenga, za pa pepala ndi za pa intaneti zomwe, koma uziwerenga ziwiri kapena zitatu pa nkhani imodzi. Za pa WhatsApp zija zoyamba ndi mawu akuti tumizani kwa anthu khumi, uzizitenga ngati nkhani za pa bawo.

Ndikudziwa chimene ukuganiza: bandulo ndiitenga kuti? Nzeru yanga ndi yakuti intaneti usamaikhalire, uziipitira ngati kumsika. Lemba pa pepala zimene ukufuna, gula bandulo, tsitsa, tseka. Ukatsitsa gawira anzako pa Bluetooth. Anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'makhadi pa msika wa Bvumbwe ndinawapempha kuti azisungako timabuku taulere m'makompyuta awo. Mmodzi anandiyang'ana ngati ndapenga, wina anavomera. Ndipo kwa aphungu athu, ndingofunsa mwaulemu: shelefu imodzi ya mabuku pa sukulu ya sekondale yoyendera imadya matumba angati a simenti?

Bokosi la malume lilipobe, koma linaona zakuda. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, khoma la kuchipinda kwa malume linagwa usiku. Iwo anapulumuka, tithokoze Mulungu, pamene ena ambiri m'maboma a kum'mwera kuno sanapulumuke. Bokosi tinalifukula m'matope patapita masiku awiri. Madzi anali atalowa. Dzuwa litatuluka tinanyamula mabuku onse kupita nawo ku kamunda kawo ka tiyi, pakuti atapuma ntchito anadzala mizere yawoyawo, ndipo tinawayanika pamwamba pa tiyi. Amene mumadziwa tiyi mukudziwa kuti pamwamba pake pamakhala pathyathyathya ngati tebulo. Munda wonse unali mabuku okhaokha otsegula, mphepo ikutembenuza masamba, anthu odutsa akuima kudabwa. Malume anakhala pa mpando m'mphepete, bulangete lili m'mapewa, akulamula ngati kapitawo: "Mphwanga, uyo wa Chase musiye, yamba wapulumutsa Ntara."

Pa mabuku 83 tinapulumutsa 51. James Hadley Chase anapita pafupifupi yense. Kalata ya maepiskopi inapulumuka chifukwa inali m'pepala la pulasitiki la shuga. Maso a malume masiku ano achita nkhungu, sathanso kuwerenga, ndiye Loweruka ndimapita kukawawerengera, ndipo kiyi uja tsopano ali m'khosi mwanga. Lamulo silinasinthe.

Choncho iwe wa ku Makwasa, njira ndakuuza kale pa foni. Ubwere Loweruka likudzali ganyu ikatha, usavutike ndi kunyamula kanthu. Ndakusungira Nthondo. Masamba anayi omaliza anatsalira m'matope, koma malume akuti ukadzabweza n'kufotokoza bwino zimene wawerenga, mathero ake adzakuuza okha.